Anandipeza ndikudikira nyerere

Amene anayambitsa zonsezi ndi amayi akunyumba. Mwezi wa Okutobala uja kukutentha koopsa, atuluka kuchimbudzi atagwira mphuno akuti abambo, inu mukataya madzi kuja sikukulowekanso, mukudwala chani chomwe simukundiuza? Funsolo linali ndi minga paja ine ndimayendetsa galimoto yoperekera katundu mpaka ku Mangochi uko, ndiye mukudziwa zomwe anthu amatiganizira ife madalaivala. Ndikuti mayi sindikumva kuwawa pokodza, mafinya palibe, iwo amvekere tiona.

Ndinathamangira kwa alamu anga aku Bangwe, aja amadziwa matenda alionse koma sukulu anathera fomu 2. Akuti imeneyo ndi shuga alamu, kuyeza kwake nkwaulere, mukakodze kuseri kwa nyumba mudikire, nyerere zikabwera basi mwatha. Ine m'mamawa kusanache ndapanga zomwezo, ndanjuta kuseri kuja tochi yapafoni ili m'manja kuyang'anitsitsa pansi. Alandilodi athu a ku Ndirande kuno, mayi wamkulu wodzuka ndi nkhuku, ndi awo atulukira ndi tsache.

"Mwataya chani abambo?"

"Ndikudikira nyerere mayi."

Sanayankhe. Anangobwerera chafutambuyo, ndipo pofika masana pulotu yonse imadziwa kuti abambo a nyumba yapakona mutu wayamba kuzungulira.

Ndiye kuchipatala, dzina lake lisakuvuteni. Anesi andipatsa kabotolo akuti madala, musambe m'manja, mkodzo woyamba muutaye kaye chifukwa umatsuka njira, mutunge wapakati, pang'ono chabe. Abale, mkodzo womwe umandisowetsa mtendere pamsewu tsiku limenelo unakana. Ndaima, ndaimba mluzu, ndatsegula mpopi, kunja munthu akugogoda kuti achimwene mwagona momo? Utabwera unabwera wonse ndi mkwiyo, za woyamba ndi wapakati zinathera pomwepo, kabotolo kudzadza mpaka kukamwa. Ndikutuluka nako pang'onopang'ono kuti kasatayike, pabenchi paja adzuka amayi a chigwirizano akutchalitchi kwathu, dzanja atambasula kale, "mwaswera bwanji akulu ampingo?" Ndinawapatsa chigongono.

Ku labu anaviika kapepala kakang'ono kokhala ndi timabokosi tosintha mtundu, kamaonetsa ngati muli shuga, magazi kapena zizindikiro za tizilombo, wotsalawo akuti akauona pa makina oonera tinthu tating'ono. Anandibayanso chala kuyeza shuga. Kenako kwa adokotala, kamnyamata koti ndikhoza kukabereka, mafunso ake osaphethira. Usiku mumadzuka kangati? Umatuluka ndi mphamvu kapena umadontha? Pomaliza mumaona magazi? Ku Mangochiko mumasamba m'nyanja? Apa ndinavomera, ndani angafike kumeneko kukutentha osalowa m'madzi. Akuti ndiye tifufuzenso likodzo, tinyongolotsi take timachokera mu nkhono zam'madzi nkulowa pakhungu, mazira ake amapezeka mumkodzo ndipo mankhwala ake ndi praziquantel.

Ndimati tathana. Anayang'ana buku langa lakuchipatala akuti zaka 52, ndipo mwati usiku mumadzuka, tiyeni tione prostate. Ine kufunsa kuti ili pati. Akuti ndi kachiwalo ka abambo okha, kali pansi pa chikhodzodzo ndipo njira ya mkodzo imadutsa pakati pake, munthu akamakula kamakula nako nkumapana njira ija. Zonsezi akufotokoza uku akuvala magolovesi, ine sindinatolere. Ndinatolera atatenga mafuta oterera nkupaka pachala.

"Tsitsani buluku mugone chammbali, maondo afike pachifuwa."

"Adokotala, kodi yamagazi palibe?"

"Ilipo, PSA, tiyezanso. Koma chala chimamva zake."

Kunena zoona sizinathe ndi mphindi imodzi yomwe ndipo sizopweteka, koma mphindi imeneyo ndinawerenga kalendala yapakhoma mpaka dzina la osindikiza. Akuti pumani bwinobwino madala. Kupuma kwake kuti.

Chomaliza sikani. Imeneyi amafuna chikhodzodzo chikhale chodzadza kuti chioneke bwino, ndiye anandimwetsa madzi ambirimbiri nkundikhazika pamzere. Itangotsala pang'ono nthawi yanga magetsi thii. Aliyense akuti abwera pompano, ine miyendo ndapiringiza thukuta lili kamukamu, kupita kuchimbudzi ndiye kuti tiyambirenso. Atayaka, wojambula wandipaka zozizira pamimba nkudinikiza kamakina kake pachinena penipeni, akuti eya, chadzadza bwino kwambiri. Ndinamupempha kuti kuyamikirako achite msanga.

Zotsatira zake? Shuga palibe, likodzo palibe, tizilombo palibe, impso zili bwino, prostate yakulako pang'ono molingana ndi zaka, akuti tiziiona chaka ndi chaka. Nanga fungo? Adokotala anangofunsa kuti patsiku ndimamwa madzi ochuluka bwanji. Ine paulendo sindimwa dala, kuopa kuimaima komanso zimbudzi zolipira zamutauni zija, changa ndi khofi m'mawa basi. Akuti ndi zimenezo, madzi akachepa m'thupi impso zimawaumira, mkodzo umatuluka wochepa, wakuda ngati tiyi wopanda mkaka, fungo lake lobaya m'mphuno, wabwino umakhala wachikasu chotuwa. Khofi amaonjezera, adyo ndi anyezi chimodzimodzi, ngakhale mapiritsi ena a mavitamini. Adyo! Yemwe amayi omwewo amandithirira mundiwo zilizonse ati ngwa BP. Koma anandichenjeza kuti fungo likabwera ndi kuwotcha pokodza, kutentha thupi, kupweteka m'chiuno kapena magazi ndisakafunse nyerere ndibwere msanga, nawonso nkhani ija ndinali nditawauza ndipo anaseka mpaka kuvula magalasi.

Pano ndimayenda ndi chigubu cha malita awiri, ndipo mnyamata wondithandiza kutsitsa katundu akudandaula kuti ulendo wa ku Mangochi watalika, pa Zomba kuima, pa Liwonde kuima. Alamu aja nditawafotokozera anayamba kunong'ona kuti nawonso usiku akumadzukadzuka ndipo umatuluka modontha, paja iwo ali ndi zaka 58. Andifunsa kuti kuyeza kwake kumakhala kotani. Ndawauza kuti ndi mafunso okhaokha alamu, musaope. Akupita Lachiwiri.