Nyanja yochoka osatsanzika: ulendo wa ku Vilankulo ndi amalume

Amalume anga ali ndi zaka 71, koma kufikira mwezi wa Ogasiti wathawu, madzi ambiri omwe anawaonapo ndi maso awo anali a damu la Chivero basi. Chikhalirecho mukawapeza pakhonde kuno ku Mufakose mumzinda wa Harare ku Zimbabwe akufotokozera adzukulu za nyanja, mungalumbire kuti anabadwira m'bwato. Mwera amaudziwa, mpoto amaudziwa, amathanso kukuuzani kusiyana kwa chambo cha pakhoka ndi cha m'matchera. Zonsezi anazimva kwa bambo awo, agogo athu, amene anachoka ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1940 pa malole a Ulere, onyamula mwaulere anthu okafuna ntchito, nadzagwira ntchito ku Salisbury (Harare wa lero) mpaka kutsikira kuli chete osapondanso kwawo. Amalumewo mchombo wawo unagwera ku Mbare, komabe kwa zaka zambiri chitupa chawo chinkawatchula kuti ndi mlendo. Malamulo atsopano a dziko a 2013 ndi amene anawatsegulira njira ya unzika, ndipo pasipoti atailandira inangokalowa m'sutikesi pansi pa bedi, pamodzi ndi khadi lawo la ubatizo la ku CCAP.

Kunena zoona ulendowu sunali wawo. Tinaukonza ine ndi mayi a kunyumba kuti ana akaone nyanja yamchere pa tchuthi cha Heroes chokumbukira ngwazi za dziko, titawonjezerako masiku atatu a kuntchito. Nditawauza mongocheza kuti m'galimoto muli malo amodzi, koma tikupita ku Mozambique osati ku Malawi, anangoti, "Mphwanga, nyanja ndi nyanja. Tinyamuka liti?"

Mbiri itamveka mumsewu mwathu, anthu anayamba kubweretsa mabotolo. Amene amakhala kuno akudziwa: ukangoti ukupita kunyanja yamchere, aliyense amafuna umutungireko madzi, wina akuti ndi a mapemphero, wina a mwendo wotupa, wina safotokoza n'komwe. Tinanyamula mabotolo asanu ndi limodzi opanda kanthu.

Tinanyamuka 3 koloko m'bandakucha kuzizira kuli tsoo, tinadutsa Marondera ndi Rusape kukadali mdima, ndipo dzuwa linatipeza tikutsetsereka pa Christmas Pass, mzinda wa Mutare uli m'munsimo. Makilomita 263 amenewo anatha bwino. Pachipata cha Forbes tinadikira ndithu chifukwa cha mapepala a galimoto ndi inshulansi, kenako tinalowa ku Machipanda. Chidindo choyamba chitagwa m'pasipoti ya amalume, anachiyang'ana nthawi yaitali mpaka wapambuyo pawo anawakodola kuti asunthe. Kuyambira pamenepo ndi msewu wa EN6, kudutsa Manica ndi Chimoio, wodzaza ndi mathiraki ochokera kudoko la Beira. Ena mwa mathirakiwo amapita ku Malawi kudzera ku Tete, ndipo pa Inchope, pomwe tinaima kugula mafuta ndi buledi wawo wotchedwa pão, amalume anapeza dalaivala wa ku Dedza. Kuwachotsa pamenepo inali ntchito.

Pa Inchope timakhotera kumwera mu EN1. Za msewu umenewu sindinena zambiri, kungoti maenje ake tinawapeza ena otha kubisa mbuzi, ndipo amene ali ndi galimoto yotsika ngati yanga asamawerengere maola potengera makilomita. Pa Muxúnguè tinagula zinanazi zotsekemera zedi. Chimene chinandisangalatsa n'chakuti mtsinje wa Save womwe tinawoloka madzulo, waukulu wamchenga mbali zonse, ndi womwe uja umayambira kwathu konkuno kumwera kwa Harare n'kukadutsa pa mlatho wa Birchenough. Chishona chathu chinkatithandiza pang'ono kumtunda kwa mtsinjewo, poti Chindau si chachilendo kwenikweni m'makutu athu. Titangowoloka, n'kulowa m'chigawo cha Inhambane, chinatha ntchito. Kumeneko ndi Chitswa ndi Chipwitikizi, ife n'kutsala ndi zala.

Tinafika ku Vilankulo usiku, titayenda makilomita opitirira 800. Nyanja sitinaione. Tinangoimva ikupuma kuseri kwa mpanda wa nyumba ya alendo, ndi kamphepo kofunda konunkhira mchere, ife titavalabe majuzi a ku Harare.

M'mawa amalume ndi amene anandidzutsa, atavala kale jekete ndi chipewa ngati akupita ku msonkhano wa madoda. "Mphwanga, tadzuka. Nyanja ija yapita."

Inalidi itapita. Pamene usiku panali mafunde panali mchenga woyera wotambalala kutali, mabwato atagona cham'mbali ngati ng'ombe zokhuta, zingwe za nangula zili lende pamchenga wouma. Madzi ankaoneka kutsogolo uko m'mizeremizere, wina wobiriwira, wina wabuluu, wina woyera ngati mkaka wosungunula. Amayi anali atalowa kale m'katimo ndi mabeseni, akuwerama kufukula nkhono ndi nkhanu, ana awo akuwatsata. Ine za kukwera ndi kutsika kwa madzi ndinaziphunzira kusukulu, kuti mwezi ndi umene umakoka nyanja, kuti imaphwa ndi kudzaza kawiri pa tsiku, kuti tsiku lililonse imachedwerako pafupifupi mphindi 50, komanso kuti imaphwa kwambiri mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangobadwa. Koma kuwerenga n'kwina, kuyenda wapansi pamalo pomwe dzulo pamadutsa bwato n'kwinanso. Amalume zinawanyansa. Nyanja ya bambo awo siichita zoterezi. "Nyanja yanji yochoka pakhomo osatsanzika?" anatero, akuloza ndi ndodo yawo. Tinayenda nawo pamchengapo nsapato zili m'manja, iwo akung'ung'udza, mpaka madzi anayamba kubwerera mwakachetechete m'timakwalala, n'kutizungulira kumbuyo tisanazindikire. Tinabwerera mathalauza atanyowa mpaka m'maondo. Amene mudzapite ndi ana, ichi chokha musachiiwale: madziwo sabwera ndi phokoso, ndipo amayamba kutseka njira yobwerera.

Tsiku lachiwiri tinakwera chombo cha tanga kupita ku chilumba cha Magaruque, chomwe chili pafupi ndi tauniyi kuposa zinzake. Zilumba zimenezi, Bazaruto, Benguerra, Magaruque, Santa Carolina ndi kakang'ono ka Bangué, zili m'malo otetezedwa amene anakhazikitsidwa mu 1971 n'kukulitsidwa mu 2001, ndipo kuyambira 2017 boma la Mozambique likuziyang'anira mothandizana ndi bungwe la African Parks. Polowa pamakhala ndalama yolipira payokha, choncho mufunsiretu ngati ili m'kati mwa mtengo wa chombo. M'madzi amenewa mumakhala nyama yosowa yotchedwa dugong, yodya udzu wa pansi pa nyanja. Ana anaisuzumira ulendo wonse, sitinaione.

Chombocho chinali cha matabwa, chopakidwa utoto wabuluu wosuluka, tanga lake la ngodya zitatu lodzaza zigamba. Injini inalipo kumbuyo, koma titatuluka pagombe anaizimitsa n'kukweza tanga, ndipo kunangotsala kulira kwa zingwe ndi madzi akunyambita matabwa. Amalume anakhala chete akuyang'ana m'mwamba. Kenako anandiuza motsitsa mawu kuti agogo ankanena za zombo zoterezi pa Nkhotakota, za m'nthawi ya Jumbe, zimene zinkawolotsa anthu ogwidwa ukapolo kupita kutsidya la kum'mawa, komwe ankayamba ulendo wapansi wopita ku Kilwa. "Ndiye n'zimenezi," anatero. Sanawonjezerepo, ine sindinafunsenso.

Pachilumbapo anatipatsa magalasi a m'maso ndi timipope topumira. Pali mzere wa miyala m'mbali mwa gombe, ndipo ukangogona chafufumimba pamadzi, madziwo amakuyendetsa okha motsata miyalayo, nsomba zamizeremizere zachikasu ndi zabuluu zikudutsa pafupi ndi mphuno. Mwana wathu wamkulu anazolowera msanga. Ine amene ndinaphunzirira kusambira m'dziwe la kusukulu ndinamwa madzi amchere okwanira kapu, n'kudzicheka chala cha kuphazi pa nkhono zomera pamwala. Nsapato za pulasitiki zija ndinaziseka pamsika n'zofunika ndithu. Amalume kusambira anakana. Anapinda thalauza, analowa mpaka m'maondo, anasamba kumaso, kenako anatunga madzi padzanja n'kulawa. Analavula. "Mchere uwu ungakwane ndiwo za Mufakose yense."

Pamene ife tinkasewera, mnyamata wophika anali atakoleza kale makala m'chombo momwemo. Ali ndi bokosi lathabwa lodzaza mchenga, moto amausonkha pamchengapo, mphika pamwamba, chombo chikugwedezeka iye osatekeseka. Anatiphikira mpunga wothira madzi a kokonati, nsomba yowotcha yopaka adyo, mandimu ndi tsabola wa piripiri, komanso nkhanu za msuzi wa tomato. Amalume nkhanu anazikankhira kwa ana, amvekere chimenecho ndi chakudya cha katumbu. Mpunga anaudya mbale ziwiri, kwinaku akutikumbutsa kuti sungafike pa faya wa ku Nkhotakota, amene iwonso anangomulawa kawiri katatu alendo akabwera naye pa basi.

Pa nkhani ya zakudya ndinene maganizo anga. Tizilombo tija totchuka ta m'nyanja timene eni ake amati camarão n'tokoma, inde, koma m'malo odyera azungu mtengo wake ndi wolemetsa, ndipo mbale ikafika umayamba kuwerenga kuti aliyense adya tingati. Ife tinaphunzira pa tsiku lachitatu: kupita kugombe asodzi akamafika kapena kumsika wa m'tauni, kutsatsana ndi zala ndi kakyuleta ya pafoni, kugula nsomba ndi camarão zatsopano ndi ndalama zawo za ma meticais, n'kukapereka kwa amayi ophika pafupi ndi msika kuti akonze. Umadya mpaka kumasula lamba.

Kwa amayi amenewo n'kumene kunachitikira chinthu chimene ndimafuna kulemba. Tikudikira nsomba zathu, mtsikana wina kuseri kwa chisakasa ankasinja masamba mumtondo. Amalume anadzuka pabenchi n'kupita kukasuzumira. Anatapa pang'ono, ananunkhiza. Masamba a chinangwa. Pambali panali nsinjiro m'lichero, ndipo amayi aja anali atakhala pa kampando kokhala ndi chitsulo chamano kutsogolo, akupala kokonati, zoyera zikugwera m'beseni. Anazithira madzi ofunda, anafinya ndi manja, n'kutsanulira madzi oyerawo mumphika momwe masamba anali atawira kale nthawi yaitali.

"Matapa," anatero mayiwo, akuloza mphika.

"Chigwada," anayankha amalume.

"Matapa."

"Iyayi mayi, chigwada chotendera ichi."

Anabwerezabwereza mpaka onse awiri anaphulika kuseka, wina osamva chinenero cha mnzake. Agogo athu aakazi ankadzala chinangwa kuseri kwa nyumba ku Mbare chifukwa cha masamba omwewa, anansi n'kumawaseka kuti Achimwene, dzina limene amatchula Amalawi kuno, amadya mitengo. Chimwalirireni agogowo pakhomo pathu chigwada sichinaphikidwenso. Ife ana obadwira kuno tinakulira masamba a kovo ndi repu. Mbale itabwera, pamodzi ndi nsima imene iwo amati xima, amalume anasamba m'manja, anavula chipewa, anapemphera pemphero lalitali kuposa la masiku onse, n'kuyamba kudya osayankhula ndi munthu. Nsomba zodula zija sanazikhudze. Kokonati amachititsa kuti chigwadacho chikhale chonona ndi chotsekemerera kuposa chathu, ndipo mwina amaponyamo nkhanu, koma fungo lake ndi lomwe lija la mphika wa agogo. Atamaliza anangoti, "Pakanakhala kondowole."

Madzulo a tsiku lomaliza tinapeza anthu akukoka khoka. Mizere iwiri ya amuna ndi amayi, aliyense chingwe m'manja, akubwerera chambuyo pang'onopang'ono, wakumapeto akafika kumtunda n'kuthamangira kutsogolo kukagwiranso. Amalume anandipatsa jekete ndi ndodo kuti ndiwagwirire. Ndinayesa kuwaletsa poganizira msana wawo, koma anali atapita kale. Anthu aja anangowasunthira malo osafunsa kanthu. Anakoka mwina mphindi khumi, mapazi akulowa mumchenga, akutsata kayendedwe ka anzawo ngati anachitapo. Khoka litafika kumtunda munali nsomba zochepa, zambiri zing'onozing'ono, ndi udzu wa m'nyanja. Mwini khoka anatapa zodzaza manja awiri n'kuwapatsa, monga amachitira ndi aliyense wogwira chingwe. Analibe poika, ndiye anazilandirira m'chipewa.

Mabotolo aja tinawadzaza m'mawa wonyamuka, titadikira kuti nyanja ibwerere kaye. Limodzi linatayikira m'buti penapake pakati pa Save ndi Inchope, moti mpaka lero galimoto ikakhala padzuwa imanunkha Vilankulo. Asanu otsalawo anafika kwa eni ake.

Lamlungu lapitali ndinadutsa kwa amalume titaweruka kutchalitchi. Kuseri kwa nyumba, pomwe panali kovo, abzalapo mitengo isanu ya chinangwa imene anakapempha kwa mnzawo wa ku Epworth. Pasipoti sinabwererenso m'sutikesi, ili m'thumba la jekete. Anandiperekeza mpaka pageti, kenako anandigwira mkono.

"Mphwanga, basi ya ku Lilongwe yodzera pa Nyamapanda ija, masiku ano ikukwana zingati?"