Kuloweza Shakespeare pakhomo: mwana ayambe ndi khutu

Makolo ambiri akafuna kuti mwana azolowere masewero a William Shakespeare, mlembi wakale wa ku England, amamupatsa buku lonse, kapena amamuyambitsa ndi mawu aatali a Hamlet, mwana wa mfumu wa mu sewero la dzina lomweli. Zikatero mwanayo amagwa ulesi sabata isanathe. Masewerowa analembedwa kuti azimvedwa pabwalo la zisudzo, monga la Globe lomwe linamangidwa ku London mu 1599. Choncho mwana wa zaka 5 mpaka 8 ayambe ndi kumva, kuwerenga kudzabwere pambuyo.

Sankhani mizere iwiri kapena inayi yokha. Mawu a afiti atatu a mu sewero la Macbeth, pamene akuzungulira mphika, ndi abwino poyambira: mizere yake ndi yaifupi, uliwonse uli ndi kugunda kunayi (malo anayi omwe mawu amamveka molemera), ndipo mathero ake amamveka mofanana. Mawu a mzimu wotchedwa Puck mu sewero la A Midsummer Night's Dream ndi nyimbo za mzimu wotchedwa Ariel mu sewero la The Tempest nazonso sizivuta kulowa m'mutu. Mzere wamba wa Shakespeare ndi wautali, maphatikizo khumi ndi kugunda kasanu, lopepuka kutsogolo lolemera pambuyo. Umenewu udikire kaye milungu ingapo.

Musanayambe, muuzeni mwachidule kuti akuyankhula ndani, akuyankhula kwa yani, ndipo akufuna chiyani. Kenako nenani mzere woyamba mokweza, mukuomba m'manja pa kugunda kulikonse, iye azibwereza. Mphindi zisanu mpaka khumi patsiku n'zokwanira. Mzere watsopano onjezerani pokhapokha wakale ukatuluka mosajejema tsiku lotsatira, chifukwa zimene mwana wanena bwino madzulo nthawi zina m'mawa zimakhala zitauluka.

Pali njira ina yomwe ochita zisudzo a nthawi ya Shakespeare ankatsata, ndipo ingathandizenso ana. Iwo sankapatsidwa sewero lonse. Aliyense ankalandira mawu ake okha, pamodzi ndi mawu ochepa omaliza a mnzake woyankhula iye asanalowe. Chitani chimodzimodzi: inu khalani mfiti yoyamba, mwana akhale yachiwiri. Ayenera kutchera khutu kuti adziwe polowera, ndipo mawu anu omaliza ndiwo amakoka mzere wake. Mwana woloweza motere saima chilili akaiwala, amadikira chizindikiro. Ana awiri kapena atatu akagawana mbali, mkangano wa yemwe atenge mfiti iti ndiye vuto lokhalo.

Cholakwika chofala n'chakuti kuomba m'manja kuja kukapitirira, mwana amangoyimba mawu osadziwa chomwe akunena, n'kumapuma pamapeto a mzere uliwonse ngakhale chiganizo chisanathe. Mizere ikangokhazikika, lekani kuomba. Muuzeni anene mawuwo kwa munthu weniweni: kamodzi monong'ona, kamodzi mokwiya, kamodzi ngati akuopseza mng'ono wake. Azipuma pomwe ganizo lathera.

Mawu akale musawatanthauzire onse. Sankhani limodzi kapena awiri omwe akutsekereza nkhani, enawo awameze momwe alili, adzawazindikira akukula. Akakakamira pakati pa mzere musamumalizire, mupatseni phatikizo loyamba lokha ndipo muwerenge mpaka zisanu mumtima. Ndipo alendo akabwera musamukakamize kuti awaonetse luso lake. Mwana akachita manyazi kamodzi pagulu amatha kukana mizere yomwe dzulo lake ankainena akusamba.