Ulendo wa Amayi a Mvano ku Nkhoma ndi Nkhani ya Thumba la Akani

Amayi a Mvano amene sanathe kupita nawo ku Nkhoma akhala akupempha kuti zonse za ulendo wathu zilembedwe mwatsatanetsatane, ndipo popeza ena mwa amene tinapita ayamba kale kukamba nkhani ya thumba lija la mbatata aliyense m'njira yake, ndaona kuti ndi bwino ilembedwe tsopano isanasinthike kwambiri. Monga mukudziwa, tinaitanidwa ndi amayi a Chigwirizano (bungwe la amayi a CCAP mu Sinodi ya Nkhoma, monga ulili Mvano kwathu mu Sinodi ya Blantyre) a mpingo wina wa kufupi ndi Nkhoma kuti tikacheze nawo ndi kuphunzira limodzi, ndipo mutu umene mbali zonse ziwiri zinagwirizana unachokera pa Miyambo 9:10, pamene pakunena kuti chiyambi cha nzeru ndicho kuopa Yehova.

Tinapangana kunyamuka ku Blantyre Lachisanu mbandakucha, koma tinachoka dzuwa litakwera kale, ndipo amene tinkawadikira anali mayi yemwe uja amene pa msonkhano wokonzekera anaima katatu kutichenjeza kuti wochedwa adzasiyidwa. Amayi busa atapemphera, tinayamba kuimba, ndipo nyimbo sizinaleke mpaka tinawoloka Shire pa Zalewa. Pofika ku Ntcheu mawu anali atayamba kusasa, ndipo ambiri anali atamasula timapukusi ta kamba.

Pa Lizulu, pamene msewu umayenda m'malire a dziko lathu ndi Mozambique, tinaima kuti tigule mphatso za kwa otilandira. Komiti inali itavomereza matumba atatu a mbatata ya kachewere, kabichi ndi anyezi, ndipo mayi msungichuma ananenerera mtengo mwaluso lawo lija mpaka wogulitsa, amene anali mayi wachikulire ndithu, anaseka n'kunena kuti sanaonepo mayi wovala duku yoyera wouma dzanja chotero. Pa nthawi yomweyo aliyense wa ife anali atabalalika kukagula zakezake, anyamata onyamula katundu ankathamangathamanga, ndipo adalaivala ankaliza hutala chifukwa tinali titachedwa kale. Panalibe amene anawerenga zimene zinalowa m'basi.

Titadutsa Dedza, tisanafike pa Linthipe, tayala lakumbuyo linaphulika. Tithokoze Mulungu kuti adalaivala anaigwira bwino basiyo n'kuiimika m'mbali mwa msewu popanda wovulala. Kuti atulutse tayala lapadera panafunika kutsitsa katundu yense, ndipo pamenepo ndi pamene mayi msungichuma, ataima ndi kope lawo m'manja, anapeza kuti matumba a mbatata analipo anayi. Anawerenganso, n'kuitana mlembi kuti awerenge naye, n'kufunsa mmodzimmodzi ngati panali amene anagula thumba lathunthu ndi ndalama zake. Panalibe.

Zimene zinatsatira ndizo zafotokozedwa mosiyanasiyana, choncho ndizilemba monga ndinazionera. Gulu loyamba linanena kuti chotola si chakuba, kuti sitinapemphe munthu kutiikira thumbalo, ndiponso kuti ogulitsa a m'misewu amatidyera ndalama nthawi zambiri, motero tsiku limodzi lopindula ife si tchimo. Mayi wina anafika ponena kuti amenewa ndi madalitso a pemphero la m'mawa lija, ndipo ena anavomereza ndi ameni wamphamvu. Gulu lachiwiri, limene linkaoneka lanzeru kwambiri, linati thumbalo lingowonjezedwa pa mphatso, popeza likatero palibe mmodzi wa ife amene adzadyeko ndipo lidzakhala lapita ku ntchito ya Mulungu. Ambiri tinaona ngati maganizo amenewa athetsa nkhani. Koma agogo athu, amene ulendo wonse anali atakhala chete pampando wa kutsogolo ndi ndodo yawo, anapempha kuti awatsitse, ndipo ataima anafunsa kuti: "Ana anga, kodi mukufuna kukapereka kwa atumiki a Mulungu chinthu chimene mwini wake akuchilira?" Kenaka anatikumbutsa za Davide pa 2 Samueli 24:24, amene anakana kulandira kwaulere dwale la Arauna ndi ng'ombe zake, chifukwa sanafune kupereka kwa Yehova nsembe imene sanailipire.

Apo nkhani inatembenuka, koma inatembenukira mbali ina yolakwika. Mayi wa kwaya uja amene sasowa chonena anafuula kuti tsopano wadziwa chimene chaphulitsa tayala: muli Akani m'basi muno. Onse amene amawerenga Yoswa 7, nkhani ya Akani amene anabisa zinthu zoletsedwa n'kudzetsa tsoka pa Aisraeli onse, anamva pomwepo, ndipo kuyambira nthawi imeneyo thumbalo linatchedwa Akani. Poyamba zinali nthabwala, koma posakhalitsa amayi ena anachita mantha enieni, n'kuyamba kunena kuti sakweranso basi imodzi ndi thumbalo, kuti litayidwe m'tchire kapena lipatsidwe kwa ana amene anali atatizungulira. Anthu omwewo amene mphindi zochepa zapitazo ankalitcha madalitso tsopano ankalitcha tsoka. Mayi wapampando ndi mayi msungichuma anakwezerana mawu, wina akunena kuti msungichuma amayenera kuwerenga katundu asanakwezedwe, winayo akuyankha kuti wapampando amayenera kuletsa anthu kubalalika pamsika. Sindilemba zonse zimene zinanenedwa, chifukwa awiriwo anagwirana chanza tisanafike pa Kamphata.

Amayi busa ndiwo anatseka mkanganowo, ndipo mawu awo ndimawaona kuti anali phunziro lenileni la ulendo wonse, ngakhale analankhulidwa m'fumbi, pambali pa jeke. Anati tayala laphulika chifukwa linali lakutha ndipo basi inalemedwa, ndipo kutaya thumbalo chifukwa choopa ngozi sikukanakhala kuopa Mulungu koma kudziteteza tokha, popeza mwini mbatata akanakhalabe wotaya katundu wake. Anati munthu woopa Mulungu safunsa kuti chilango chindipeza liti, koma amafunsa kuti Atate wanga amene akundiona pano akondwera ndi chiyani. Choncho tinagwirizana kuti thumbalo lisamasulidwe, lisaperekedwe kwa aliyense, ndipo pobwerera tidzaime pa Lizulu kufunafuna mwini wake. Kuti lisasokonezekenso ndi anzake, linamangidwa chitenje n'kuikidwa pampando, ndipo mayi wa kwaya uja anakhala nalo limodzi monga chilango cha pakamwa pake.

Tinakhota pa Kamphata dzuwa litapendeka, phiri la Nkhoma likuoneka patsogolo pathu. Amayi a Chigwirizano anatichingamira patali ndithu ndi nyimbo, n'kutilandira katundu yense, ndipo pamene awiri a iwo ananyamula Akani kuti amutsitse, basi yonse inakuwa pamodzi kuti ameneyo asiyidwe. Otilandira anadabwa kwambiri, ndipo tinachita kuwafotokozera nkhani yonse tisanamwe ngakhale madzi.

Za chakudya ndiyenera kuchitira umboni, chifukwa ena a ife tinkapita tikudzitama kuti kuphika kuli kumwera. Tinalandiridwa ndi thobwa lamapira lozuna bwino, kenaka nsima ya ufa woyera, nkhuku zachikuda, nyemba ndi nkhwani wotendera umene nsinjiro zake sanaumire. Mayi amene anatiuza m'basi kuti adokotala anawaletsa nsima yambiri anaoneka akulandira mtanda wachitatu, ndipo atafunsidwa anayankha kuti kukana chakudya cha eni mudzi ndi mwano. Mbatata yathu ya matumba atatu ovomerezeka aja inaphikidwa m'mawa mwake ndi tiyi.

Loweruka linali tsiku la maphunziro. Abusa a pamalopo anayamba ndi Yobu 28:28 ndi Salmo 111:10, n'kusonyeza kuti Malemba amagwirizana ponena kuti nzeru imayambira pa kuopa Mulungu, osati pa kuchuluka kwa sukulu kapena kwa zaka. Anatipatsa zitsanzo za Sifira ndi Puwa, azamba a pa Eksodo 1 amene anakana lamulo la Farao lopha ana aamuna chifukwa ankaopa Mulungu, ndi Nehemiya amene pa mutu 5 akunena kuti sanalemetse anthu ndi zopereka monga akazembe am'mbuyo mwake chifukwa cha kuopa komweko. Pofuna kulumikiza kuopa ndi chikhulupiriro anawerenga Ahebri 11:7, pamene Nowa anamanga chingalawa atachenjezedwa za zinthu zimene zinali zisanaoneke, ndipo anati munthu amene amalemekeza mawu a Mulungu amayamba kuwamvera asanaone zotsatira zake, ndipo kumvera kotero ndiko kumakulitsa chikhulupiriro. Mayi wina wa Chigwirizano anafunsa kuti zimenezi zikugwirizana bwanji ndi 1 Yohane 4:18, pamene akuti chikondi changwiro chimataya kunja mantha, ndipo abusa anayankha ndi Salmo 130:4, limene limati kwa Mulungu kuli chikhululukiro kuti anthu amuope. Anati mantha a kapolo amathawitsa munthu kwa mbuye wake, pamene kuopa kwa mwana wokhululukidwa kumamuyandikizitsa kwa atate ake. Ife a ku Blantyre tinkangoyang'anana, chifukwa zonsezi tinali titazimva kale dzulo lake m'mbali mwa msewu.

Masana anatitengera ku mishoni. Mkulu wa mpingo amene anatiperekeza anafotokoza kuti amishonale a Dutch Reformed Church ochokera ku South Africa, A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok, anayamba ntchito ku Mvera mu 1889, ndipo Nkhoma inatsegulidwa mu 1896 m'dera la Mfumu Mazengera. Tinaona tchalitchi, chipatala chimene chinayamba mu 1915 ndipo chimadziwika kwambiri ndi chithandizo cha maso, komanso sukulu ya anamwino ndi azamba, pamene agogo athu anaima n'kunena kuti atsikana amenewa aziwawerengera nkhani ya Sifira ndi Puwa asanawapatse satifiketi. Mkuluyo anatikumbutsanso kuti ntchito yomasulira Buku Lopatulika, limene linatuluka mu 1922, inatsogoleredwa ndi W.H. Murray, ndipo kuti Nkhoma inalowa mu CCAP mu 1926, patapita zaka ziwiri Blantyre ndi Livingstonia zitagwirizana. Mayi wapampando sanalephere kuwonjezera mwaulemu kuti mishoni ya Blantyre inayamba mu 1876, choncho ife ndife akulu, ndipo eni ake anavomera akuseka kuti mkulu weniweni ndi amene amabwera kudzaphunzira kwa mng'ono wake.

Lamulungu tinapembedza nawo, kwaya yathu inaimba, ndipo tinanyamuka Lolemba m'mawa popeza panalibe amene anafuna kukachita za malonda pa Sabata.

Pa Lizulu tinavutika pang'ono kupeza mayi wogulitsa mbatata uja, chifukwa ogulitsa ndi ambiri ndipo aliyense wa ife ankakumbukira malo osiyana. Mayi msungichuma ndiwo anamuzindikira, kapena kunena zoona iye ndiye anawazindikira, n'kufuula kuti amayi ouma dzanja aja abweranso. Titatsitsa thumbalo n'kumufotokozera, anakhala pansi osalankhula kwa kanthawi, kenaka anatuma mwana kukaitana mnyamata wina. Mnyamatayo ndiye ankamuthandiza kunyamula katundu, ndipo kuyambira Lachisanu lija mayiyo anali atamuchotsa ntchito, atamukaniza malipiro ake, ndiponso atauza anthu pamsika kuti ndi wakuba. Mnyamatayo ankakana, koma panalibe amene ankamukhulupirira, chifukwa thumba linasowadi ndipo iye ndiye ananyamula. Mayiyo anamupepesa pamaso pathu ndi pamaso pa ogulitsa anzake amene anali atasonkhana.

Pa Lachisanu lija palibe mmodzi wa ife, ngakhale agogo kapena amayi busa, amene ankadziwa kuti pali mnyamata amene mbiri yake yamangiriridwa ku thumba limenelo. Tonse tinkaganiza za mbatata ndi mtengo wake basi, ndipo maganizo opereka thumbalo ngati mphatso, amene ine ndikuonabe kuti mwa nzeru za anthu anali omveka, akanasiya mwana wa eni ake akutchedwa mbala kwawo. Chimene chinatiletsa sichinali kudziwa zambiri, koma kusafuna kuchita pamaso pa Mulungu chinthu chimene tikanachita nacho manyazi, ndipo zotsalazo tinaziona titamvera kale. Mayi amene anatcha thumbalo madalitso ndiye anali woyamba kumasula mfundo ya chitenje chake, ndipo tinasonkha ndalama zogulira thumbalo pa mtengo wake wonse popanda kunenerera, zimene mayi msungichuma akuti zinawapweteka kuposa kuphulika kwa tayala. Zotsala pa chosonkhacho tinapatsa mnyamata uja.

Tikuthokoza abusa athu ndi bwalo la akulu a mpingo potilola kupita, amayi a Chigwirizano potisiyira mphasa ndi zofunda zawo m'nyengo yozizira ija, adalaivala ndi wothandiza wawo amene anasintha tayala amayi makumi awiri akuwalangiza nthawi imodzi, abambo amene anatsala ndi ana kunyumba, ndi agogo athu amene akana kuti tiwathokoze. Mayi wa kwaya tikumuthokoza posamalira Akani ulendo wonse osamudandaula kuti samayankha nyimbo.

Mbatata ya m'thumbalo inagawidwa kwa odwala ndi okalamba amene timawayendera pa ntchito zachifundo, ndipo mndandanda wa amene analandira uli kwa mlembi. Amayi a Chigwirizano alonjeza kudzabweza ulendowu akatha kukolola, choncho amene sanamalize chopereka cha basi akupemphedwa kuonana ndi mayi msungichuma msonkhano wa Mvano ukubwerawu usanayambe, kuti tiyambe kusonkha za alendo.