Siwa ya Agogo ku Diepsloot

Amene munali kuno ku Joni pa 10 Julaye 2023 mukukumbukira kuti tsikulo kunagwa chipale chofewa, chija amati sinowo. Linali Lolemba. Azungu a ku Fourways, kumene ndimagwira ntchito ya m'maluwa, anatuluka panja ndi mafoni kukajambula, akuti zinalekera kuoneka mu 2012. Ine ndinali nditagwira leki, zala zitauma gwa. Ndine wa ku Dedza, kumene timadzitama kuti chisanu ndi m'bale wathu, koma cha tsiku limenelo sichinandidziwe n'komwe.

Cha m'ma 10 koloko foni inanjenjemera m'thumba. Unali uthenga wa mawu pa WhatsApp, nambala ya mayi akunyumba, koma mawu a mwana wanga wachisamba. Ndinamusiya mu 2019 ali ndi zaka zisanu, pano amaba foni ya amake n'kumanditumizira nkhani zonse za m'mudzi, kuyambira nkhuku yoswa mazira mpaka amene wathawitsa mkazi wa mwini.

"Ababa," anatero uku akufwenthera, "Agogo amwalira. Dzulo anatupa mimba, osadya kanthu, anangogona kuseri kwa nkhokwe. Lero mamawa tawapeza atauma. Amayi akuti ndisakuuzeni kaye koma ine..."

Uthenga unathera pomwepo.

Pakhomo pathu pali agogo amodzi okha, mayi anga ondibereka. Komanso mwezi wa Juni ankadandaula za m'mimba, ine n'kutumiza ya mankhwala. Leki inagwa yokha. Ndinayimba kasanu, foni yozima. Zimenezo sizinandidabwitse, chifukwa kwathu kuti foni igwire umayenera kukwera pachulu cha kudambo, ndipo ikatha moto imakagona ku telala wa pamsika amene ali ndi sola. Ndiye ndinayimbira malume, mlongo wawo wa amayi.

"Malume, ndi zoona zimene ndamvazi za agogo?"

"Ee, zoona mphwanga. Koma wakuuza ndani msangamsanga chonchi? Aa, nkhalamba ija inali itatopa, mano onse anatha. Ine ndinanena chaka chatha kuti tipite nayo kwa Chimbiya isanafooke, anthu osandimva."

Ndinapsa mtima kumva munthu akutchula mlongo wake "nkhalamba ija" thupi lisanazizire. Za kwa Chimbiyazo ndinangoti mwina kuli chipatala chimene chinatsegulidwa ine nditachoka.

"Nanga mwambo uli liti, malume?"

"Mwambo? Tithana nazo lero lomwe. Anyamata afika kale ndi..."

Mayunitsi anathera pamenepo. M'mutu mwanga ndinamalizitsa ndekha: adzukulu afika ndi makasu. Ndinakhala pansi pa udzu wa adona n'kulira ngati mwana wolumidwa ndi mavu. Adona anathamanga kuchokera kojambula sinowo kuja, anandikumbatira, anandipatsa R1,500 ndi sabata yonse yopuma.

Ife Amalawi a ku Diepsloot tili ndi kabungwe ka maliro. Timasonkha R100 pamwezi, makamaka kuti wina akatisiya kuno thupi lake likagone kwawo, pakuti kunyamula maliro kudutsa malire atatu si ndalama ya munthu mmodzi. Kholo likamwalira kumudzi, bungwe limapereka chipepeso ndi ya basi. Atcheya atamva, anawerengera ulendo pa zala: Park Station, Beitbridge, Harare, Nyamapanda, mlatho wa Zambezi pa Tete, kenako chipata cha Dedza. Masiku awiri, basi ikapanda kufa panjira komanso pa Beitbridge akakhala kuti adzuka bwino.

"Achimwene, kuika simukupeza ayi," anatero. "Siwa tigonera konkuno usiku uno, Lachitatu mukwere mukaone mtumbira."

Pofika 7 koloko madzulo, pakhomo pa mkhukhu wanga, kanyumba ka malata kaja, panali anthu pafupifupi 40. Magetsi anali atazima monga mwa nthawi zonse za chaka chimenecho, ndiye tinaunjikana mozungulira mbaula zitatu titafunda mabulangete. Kunabwera amayi a ku Nkhata Bay, anyamata a ku Mzimba, ngakhale achimwene ena a ku Mangochi amene amagwira ntchito m'sitolo ku Mayfair anakwera mateksi awiri kudzandipepesa. Amayi anaphika nsima ya ufa wa m'mapaketi uja umanyenyeka m'manja, ndiwo zake kabichi ndi mapazi a nkhuku. Mbale ya chipepeso inkazungulira, amsungichuma akulemba maina m'kope lawo lakuda pounikira foni. Kunena zoona, nyimbo zinaimbidwa bwino. Pakati pa misozi ndinaganizako kuti amayi anga alemekezeka.

Mkulu wa mpingo atatha kulalikira, anandipempha kuti ndinene mbiri ya malemu. Ndinaimirira. Ndinafotokoza kuti Joni uyu ndi wakale m'banja mwathu. Agogo aamuna anabwera pa Wenela, ulendo uja wa ku migodi, Kamuzu asanaletse ulendowo mu 1974 ndege itagwa ndi anthu athu ku Francistown. Bambo anga anadzabwera pa Theba, n'kubwerera mu 1988 ali ndi sutukesi, wailesi, bulangete lolemera ndi chifuwa chimene sichinawasiyenso. Ndalama zotsala anagula mbuzi ziwiri zazikazi. Wailesi inafa, sutukesi inadyedwa ndi chiswe, bambo nawo anatsogola, koma mbuzi amayi anazisunga. Nthawi ya dzinja ankazimangirira okha kudambo kuti zisalowe m'minda ya eni, mvula ikuwakuntha. Fizi ya sukulu ikafunika, mbuzi. Mlongo wanga atadwala, mbuzi. Mlandu wa mchimwene wanga wogwetsa mpanda wa eni ali chiledzerere, mbuzi. Ngakhale pasipoti imene ndinabwerera kuno inali tonde wamawangamawanga.

"Anthuni," ndinatero mawu akunjenjemera, "malemuwa ndi amene anatiphunzitsa sukulu. Chilichonse chimene ndili nacho chinatuluka mwa iwo."

Amayi ena analira mokweza. Ndikakumbukira mawu amenewa lero, ndimaona kuti sindinaname ngakhale pang'ono.

Ndisanakhale pansi, foni inalira. Uthenga wina wa mawu wochokera kumudzi. Atcheya anakweza dzanja kuletsa nyimbo.

"Ikani pa sipika, achimwene, tonse timve m'mene mwambo wayendera."

Ndinaika. Anali mwana wanga yemwe uja, koma tsopano osalira. Ankamveka kuti m'kamwa muli kanthu.

"Ababa, Agogo aja tawasenda. Agogo aamalume akuti poti afa okha tisagulitse, tangogawana. Amfumu atenga mwendo wakumbuyo. M'mimba mwawo tapezamo majumbo asanu ndi awiri ndi sokosi yanu ija yofiira. Ine andipatsa chiwindi, n'chokoma! Chikopa tayanika padenga la khitchini."

Kunangoti zii. Makala okha ndi amene ankathetheka. Mkulu wa mpingo Baibulo linamupulumuka. Mnyamata wina amene anali atanyamula phazi la nkhuku analiyang'anitsitsa n'kulibweza m'mbale mwaulemu. Mayi mmodzi wa ku Nkhata Bay anakuwa m'Chitonga mawu amene mpaka lero palibe wavomera kundimasulira. Achimwene a ku Mangochi aja anandisuzumira kumaso n'kufunsa chapansipansi:

"Pepani achimwene, sikuti tikunyoza mwambo wa eni. Koma ku Dedza mumatero?"

Ine pakamwa panali pululu. Mutu unkakana, makutu akuti tamva. Chimene chinkandizunguza kwambiri ndi sokosi. Amayi anga adyeranji sokosi?

Kenako foni inaliranso, ulendo uno ya vidiyo. Chala changa chinadina chokha. Pagalasi panatulukira nkhope ya amayi anga. Kumbuyo kuli mdima wa ndiweyani, kumutu duku loyera la amayi a Chigwirizano, tochi ikuwaunikira kuchokera kunsi kwa chibwano, mphepo ya pachulu ikuwomba mu sipika kuti huuu.

"Iwe! Ukundimva kumeneko?"

Sindinaonepo Amalawi akuthamanga chotero, ngakhale tsiku limene apolisi amafunsa mapepala. Mbaula imodzi inagubuduka. Atcheya, munthu wa mimba yake, analumpha mpanda wa malata osaukhudza. Mkulu wa mpingo, amene mphindi zochepa zapitazo ankatiuza kuti imfa ilibe mbola, anakapezeka m'chimbudzi atadzitsekera. Amsungichuma okha ndi amene anaganiza bwino: anathawa, koma anayamba atola mbale ya chipepeso.

Ine ndinatsala chifukwa miyendo inakana.

"Amayi... muli kuti?"

"Pachulu, ungandipeze kuti usiku uno? Amalume ako akuti unayimba ukulira. Nanga anthu akuthawawo ndi ndani? Kuli ukwati?"

"Ayi amayi, ndi maliro."

"Kalanga ine! A yani?"

"Anu."

Anakhala chete. Kumbuyo ndinamva mayi akunyumba akuti "mayo ine" kenako phokoso la mwana akuthawa mbama. Amayi anayandikitsa nkhope pagalasi mpaka kungooneka diso limodzi.

"Kwabwera anthu angati?"

"Ngati 40."

"Hmm. Ayimba bwino?"

"Kwambiri, amayi."

"Mwawaphera chiyani?"

"Kabichi... ndi mapazi a nkhuku."

"Maliro anga, mapazi a nkhuku? Zaka zinayi uli ku Joni, mapazi? Nkhuku zake zapita kuti?"

Anthu anali atayamba kubwerera mmodzimmodzi, akusuzumira kumakona, ndipo funso limeneli analimva onse. Woyamba kuseka anali mayi wa ku Nkhata Bay uja. Anaseka mpaka kukhala pansi m'phulusa.

Apa m'pamene ndinamva zimene aliyense kumudzi ankadziwa kupatula ine. Mkota wakuda wa nyanga yothyoka, umene ndinausiya ukungotchedwa mbuzi, ana anaupatsa dzina loti Agogo chaka chimene ndinachoka, poti m'khola monse munali ana ake ndi zidzukulu zake. Dzinalo linakhazikika mpaka amfumu ankati, "Agogo anu alowanso m'dimba mwanga." Mayi anga enieni anawo amawatchula kuti Anganga. Zaka zinayi ndikutumiza ndalama mwezi ndi mwezi, ndikufunsa za feteleza ndi malata, osadziwa kuti pakhomo panga maina anasinthana. Ndipo mwezi wa Julaye anthu atakolola, mbuzi zimamasulidwa n'kumangoyendayenda mpaka kumsika, kumene majumbo opyapyala ali mbwee ngakhale boma lakhala likulimbana nawo kuyambira 2015. Nkhalamba yopanda mano ija inaona kuti jumbo ya mandasi ndi yofewa kuposa mapesi.

Kuseka kutachepa, mawu a amayi anatsika.

"Usaseke kwambiri. Ine ndalira lero. Uja anali womaliza amene ndimatha kumuwerenga mzere wake mpaka kukafika pa mbuzi za abambo ako. Madzulo ndikamasenda chimanga amabwera kudzagona pamapazi panga, ndimayankhula naye. Inu nonse munapita, ndiyankhule ndi yani?"

Pamenepo palibe anaseka. Mkulu wa mpingo, amene anali atatuluka m'chimbudzi muja, anayambitsa nyimbo ina motsitsa, ndipo amayi anga ali pachulu ku Dedza anaimba nawo mpaka foni inathima.

M'mawa mwake munali ntchito yobweza chipepeso. Amsungichuma ankaitana dzina ndi dzina, aliyense polandira ankandigwira chanza n'kunena kuti "pepani ndi mbuzi." Za kabichi, mapazi, makala ndi mateksi a ku Mayfair ndinalipira ndekha, R870. Pamsonkhano wotsatira bungwe linaonjezera lamulo m'kope lakuda lija: uthenga wa maliro ukafika, atcheya azifunsa kaye kuti malemu anali ndi miyendo ingati.

Kwa adona ndinapita ndi R1,500 yawo m'manja kuti ndikanene chilungamo. Koma Chizungu changa ndi cha maluwa ndi mapaipi, nkhani yotere sichingainyamule. Ndinayesa uku ndi uku, chimene chinatuluka n'chakuti amayi anga sanafe kwenikweni, ali mbuzi. Adona anagwira pamtima, maso ali ndi misozi, n'kunena kuti amalemekeza kwambiri zikhulupiriro za makolo athu. Ndalama anakana kulandira. Mpaka pano Julaye akafika amandipatsa tsiku limodzi loti ndikakumbukire.

Mu Seputembala, transipota amene amayenda pakati pa Lilongwe ndi Joni anandiyimbira kuti ndikatenge katoni yanga. Munali ufa woyera, mfutso, nsinjiro ndi usipa pang'ono. Pansi penipeni panali chinthu chopindidwa, chakuda, chouma bwino, chonunkhira utsi wa kukhitchini kwathu. Pamwamba pake panali kapepala kong'amba m'kope la sukulu, zolemba za mwana wanga koma mawu a amayi: "Akuti kumeneko kumazizira. Yala pansi chikopa cha amakochi."

Chili pafupi ndi bedi. Ndimachiponda m'mawa uliwonse, koma nsapato ndimakavalira pakhomo.