Makolo, yang'anani mmene mwana wanu amalumira mano

Makolo a muno mu Blantyre, mwana akafika zaka 7 muuzeni ameze malovu, alumitse mano akumbuyo, kenako muyang'ane pamalo owala. Mano akutsogolo am'mwamba ayenera kuphimba am'munsi pang'ono chabe, mamilimita 2 kapena 3. Ngati am'munsi akubisika onse mpaka kugunda nkhama, kapena ali kutsogolo kwa am'mwamba, pali vuto. Chimodzimodzi ngati akumbuyo alumana koma kutsogolo kwatsala mpata wotulukira lilime. Mpata umenewu kawirikawiri umabwera ndi kuyamwa chala kupitirira zaka 4.

Chomwe ambiri timachipeputsa ndi mano aubwana otafunira. "Aguluka okha," timatero, nkuwasiya abole. Dzino lotere limasungira malo dzino lachikulire. Likazulidwa msanga, loyandikana nalo limasendera, ndipo latsopano limasowa pomera, nkutulukira pambali kapena kukwerana ndi linzake. Mswachi sufika bwino pokwerana paja, ndiye kubola kumayambanso pomwepo.

Onaninso ngati mwana amatafunira mbali imodzi, amadziluma tsaya pafupipafupi, kapena amagona kukamwa kuli yasa. Mukaona zotere, pitani naye kwa dokotala wa mano, ku chipatala cha Queens aliko. Nsagwada ikadakula, kukonza kumaphweka. Chonde musayese kukoka mano ndi ulusi kapena mphira kunyumba, mphira imalowa m'nkhama dzino nkugwedera.