Sabata yomwe ndinasiya zikwangwani n'kupenta sitima

Ntchito yanga kuno ku Mzuzu ndi yolemba zikwangwani ndi kupenta mashopu. Lolemba m'mawa kunabwera bambo ena achikulire a ku Katoto, katoni ili kukhwapa. Mwana wawo anawatumizira kuchokera ku Germany tizidutswa tapulasitiki ta kampani ya Revell, tolumikiza kuti patuluke sitima yoyenda pansi pa madzi ya mtundu wa Type 212A.

"Amisiri, manja angawa ayamba kunjenjemera. Mundikonzere, ndikaiike pabalaza," anatero.

Ndinavomera mwachangu, mumtima ndikuti kachidole aka nditha masiku awiri. Sitima yeniyeniyo ndi yotalika mamita 56, kuposa Ilala imene timaiona ku Nkhata Bay ndi mamita anayi okha. Yam'katoniyi anaichepetsa ka 144, ndiye inangokwana masentimita 39, osafika ndi mkono womwe.

Kumata sikunavute. Thupi lake limabwera m'mapande awiri, kenako kansanja kapamwamba, zipsepse zinayi zakumchira zopingasana ngati X, ndi pulopela ya masamba asanu ndi awiri. Pofika Lachiwiri masana zonse zinali m'malo.

Mutu unandiwawa ndi mzere wa pamene mapande aja akumana. Sitima zamakonozi n'zosalala ngati mlamba, mulibe mfuti kapena zingwe zoti diso likodwepo, choncho kachilema kalikonse kamaonekera patali. Fila wa galimoto ndi wokhuthala kwambiri pa ntchito yotere. Ndinadontheza supa guluu mumzeremo n'kuwaza soda wakukhitchini, zinauma gwa nthawi yomweyo. Kenako kupala ndi sandipepa wa 600, kutsiriza ndi wa 1000 womunyowetsa. Ukapaka penti yoyamba yotuwa, mzere uja n'kutulukanso ngati chipsera. Ndinabwereza katatu, Lachitatu lonse linathera pomwepo.

Mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito anafuna kundichepetsera ntchito, nasungunula penti ndi thina wathu wa masiku onse. Mwayi wake anayesera kaye pa kachidutswa kotsala. Pulasitikiyo inafewa n'kuchita makwinya tikuona. Tinasintha, tinatenga penti yosungunula ndi madzi.

Lachinayi kunacha ndi chifunga chathu cha mu Juni chija, kamvula kakuwaza. Penti yopopera nyengo yotere siuma bwino, imachita mbuu. Tinadikira dzuwa mpaka cha m'ma 11 koloko, kompuresa itangoyamba kulira magetsi n'kuthima. Tsikulo ndinalembako mitengo pa bolodi la lesitilanti ina, sitima ili pambali.

Za mtundu tinatsutsana ndi mnyamata uja. Iye ankati, "Abwana, sitima zimenezi n'zakuda, tingothira yakuda basi." Koma kanthu kakang'ono ukakapaka yakuda bii kamaoneka ngati chipande cha tayala, mizere yonse ya tizitseko imasowa. Ndinasakaniza yakuda ndi yotuwa pang'ono, pamsana n'kuwalitsako kuposa kumimba. Apo m'pamene chinayamba kuoneka ngati chitsulo cholemera.

Lachisanu tinamata manambala oonetsa kuzama kwa madzi, timastika tomwe umaviika m'madzi kenako n'kutsetsereza pathupi. Tikamatidwa pa penti yosawala timasunga mpweya pansi n'kumanyezimira ngati mamba a usipa, choncho ndinayamba ndapaka vanishi wowala, n'kutseka ndi wosawala pomaliza. Kamodzi kanang'ambika pakati. Ndinakalumikiza ndi nsonga ya singano, mpweya nditaugwira.

Bambo aja anabwera Loweruka. Anavala magalasi, naitembenuza n'kuyendetsa chala pamsana ponse kufunafuna polumikizira. Anandiuza kuti inzake ya sitimayi, U-32, inakhala pansi pa madzi masiku 18 osatuluka mu 2013, chifukwa imapanga magetsi ake kuchokera ku haidirojeni ndi okosijeni. Mtengo tinapangana wa masiku awiri, ndipo ndinachita manyazi kuukweza. Iwo anaonjezerapo okha ya sopo, natenga sitima yawo atakulunga m'thaulo. Chikwangwani cha saluni ya ku Chibavi chinali chikadatsamira khoma, mwini wake ataimba kale foni kanayi.