Nkhuni zaziwisi zatikhaulitsa usiku wathawu

Ndadzuka maso ali psuu, pakhosi pakukanda. Usiku wathawu tinasonkha bulugamu wodula sabata yatha pa chitetezo mbaula, poti kuzizira kwa ku Dedza kuno mu Julaye sikuchita masewera. Chikuni chimangolira kuti tsiii, thovu likutuluka kumapeto kwake. Motowo umalimbana ndi kuumitsa madzi a m'nkhunimo, ife tikunjenjemerabe mu utsi wokhawokha.

Chandiwawa kwambiri ndi mwana wanga wamng'ono. Wakhosomola mpaka mbandakucha, ine ndikumusisita pamsana, mtima uli m'mwamba. Malata nawo ada bii ndi mwaye. Nkhunizi ndikanawaza kale mu Epulo n'kuziunjika pakhonde, bwenzi zitauma gwa. Lero ndiwaza zonse ndiziyanike padzuwa, ndipo madzulo ndikagula zouma, zidule zisadule.